Nyama Yofa Yokha Isalowe Mumphika

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa alimi ku Matandani, m'boma la Neno



Lero ndabwera ndi nkhani ya matenda a ziweto otchedwa anthrax. Matendawa amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kamene kamatha kukhala m'nthaka zaka makumimakumi osafa. Ng'ombe kapena mbuzi imakameza pamene ikudya msipu wam'munsi, makamaka nthawi ya chilala. Chiweto chimangofa mwadzidzidzi, mimba itatupa, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo.

Musati nkhaniyi ndi yakutali. M'chaka cha 2018 mvuu zoposa 30 zidafa ndi anthrax mu mtsinje wa Shire ku Liwonde National Park. Shire yemweyo ndiye amadutsa pa Zalewa, ndipo ndi momwe Lisungwi wathu amathira madzi ake. Ku Chama m'dziko la Zambia, mu 2011, anthu oposa 500 adadwala ndipo asanu adamwalira, ambiri atagwira kapena kudya nyama ya mvuu zofa zokha. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti matendawa abuka m'maiko asanu: Malawi, Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngakhale kwa azungu matenda amayenda njira yomweyi ya chakudya. Ku Canada alimi ena amaweta tinyama totchedwa mink chifukwa cha ubweya wake. Atayamba kutidyetsa nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, tinyamato tidayamba zilonda zoopsa kumapazi, ndipo akatswiri adapeza m'zilondamo kachilombo kamene kankadziwika mwa ma seal. Choncho tikamaponyera nkhumba kapena agalu athu nyama yofa yokha, tidziwe kuti tikuitanira matenda m'khola.

Tsono chiweto chikafa mwadzidzidzi tichite chiyani? Choyamba, tisachisende kapena kuchitumbula, chifukwa magazi akatayikira pansi, kachilombo kamakhazikika m'nthaka ndipo msipuwo waonongeka kwa zaka zambiri. Chachiwiri, tiuze mlangizi wa ziweto ndi amfumu tsiku lomwelo. Chachitatu, mtembo utenthedwe kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi chitsime. Ndipo wina akatuluka chilonda chakuda pakati atagwira nyama kapena chikopa, athamangire kuchipatala. Mankhwala alipo ndipo amachiza munthu akafika msanga.

Koma tinene zoona, alimi anzanga. Mlimi amene amagulitsa nyama yofa yokha si wopusa ayi. Ng'ombe imodzi ndiyo fizi ya mwana, ndiyo feteleza wa chaka chonse. Ikafa, iye amafuna apulumutseko kangachepe. Akayang'ana mlangizi, ali kutali, njinga yamoto ilibe mafuta, msewu wathu nthawi ya dzinja mukuudziwa nokha. Kungomuopseza mlimi wotere sikungathetse vutoli.

N'chifukwa chake ife ngati bungwe la alimi tikupempha boma, kudzera ku nthambi yoona za umoyo wa ziweto, zinthu zitatu. Litipatse alangizi a ziweto okwanira, okhala pakati pathu komanso okhala ndi mayendedwe. Katemera wa anthrax, amene amabayidwa kamodzi pachaka, azipezeka pafupi ndi pa mtengo woti mlimi wamng'ono angakwanitse. Ndipo pakhale thumba lopepesera mlimi amene wanena msanga za chiweto chake chakufa, kuti kunena chilungamo kusamusaukitse.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Kalabu iliyonse isankhe munthu mmodzi wolemba ziweto zonse zakufa, tsiku ndi mudzi wake. Kaundula ameneyu ndiye umboni umene tidzapite nawo ku khonsolo ya Neno. Nyama ya pamsika tizifunsa ngati yayezedwa tisanagule. Mwezi wamawa kalabu iliyonse ibwere ndi dzina la mlembi wake.