Gofu ndi Msana Wanu: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Ambiri mwa ife tidayamba gofu poganiza kuti ndi masewera ofatsa, oyenera msinkhu wathu. Ine ndikuti tichenjere. Pomenya mpira thupi limapotokola mwamphamvu, nthawi zonse kulowera mbali imodzi, ndipo mafupa 5 a m'munsi mwa msana ndiwo amasenza ntchitoyo. Mutu umatsala uli chiweramire kuyang'ana mpira pamene mapewa akuzungulira, motero mafupa 7 a m'khosi amavutika nawonso. Pakati pa mafupawa pali timapilo tofewa, ndipo kamodzi kakang'ambika kamatha kupanikiza mtsempha.

Tiger Woods adachitidwa opaleshoni ya msana mu 2014, ndipo mu 2017 madokotala adalumikiza mafupa awiri a m'munsi mwa msana wake. Ngati katswiri wolimbitsa thupi adafika pamenepo, nanga ife okhala pampando sabata yonse n'kuthamangira ku gofu Loweruka?

Tsono musanayambe, yendani ndi kudziwongola kwa mphindi 10. Potola mpira pindani maondo. Chikwama cha ndodo musachinyamule paphewa limodzi.

Ululu ukamatsikira kumwendo, kapena zala zikachita dzanzi, lekani kusewera mukaonane ndi dokotala. Miyendo ikafooka, kapena mukamalephera kugwira mkodzo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikufuna chaka chamawa tidzakumanenso muno, aliyense akuyenda yekha.