MMENE NKHONDO YA KU MOZAMBIQUE INATHERA

Mau amene wothandiza wa Ofesi ya Zofalitsa Nkhani anakamba pa msonkhano wa mafumu ndi aphunzitsi.

Nkhani imene ndatenga lero ena a inu muidziwa koposa ine, pakuti munaiona ndi maso ine ndisanabadwe. Ndinena za nkhondo ya ku Mozambique, ndi za anthu a mipingo amene anathandiza kuithetsa.

Nkhondoyo inali pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Inayamba m'caka ca 1977, nitha mu 1992. Anthu amene anafa, ena ndi mfuti, ena ndi njala, ayesedwa pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ena oposa miliyoni anathawira kuno ku Malawi. Akulu a ku Nsanje, ku Mulanje, ku Mwanza ndi ku Dedza akumbukira bwino misasa ija. Agogo anga anandiuza kuti alendowo anafika usiku opanda ngakhale mphika, koma polankhula anali kumvana nao ngati a mudzi umodzi.

Tsono tamverani za mipingo ya m'dzikomo. Pa nthawi ya Apwitikizi, mpingo wa Katolika unali pafupi ndi boma, pamene mipingo yina inali kukayikiridwa. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma latsopano linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni. Kotero panali zilonda ponseponse: boma silinakhulupirire mipingo, ndipo mipingo yokhayokha sinali kuyenderana kwenikweni. Koma maliro atacuruka, atsogoleri a mipingo anaona kuti chire likapsa, moto susankha nyumba ya Mkatolika kapena ya Mwangilikani. Bishopu Jaime Gonçalves wa Katolika wa ku Beira, ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Angilikani, pamodzi ndi anzao ena, anayamba kuyenda ulendo umodzi. Mu 1989 anapita ku Nairobi kukaonana ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, amene boma linali kumuchula cigawenga.

Kuonanako sikunathetse nkhondo. Mu June 1990 anakonza kuti mbali ziwirizo zikumane ku Blantyre konkuno, koma msonkhano unalephereka, cifukwa a Renamo anaganiza kuti ena mwa okonza anali kukondera boma. Inu mafumu mudziwa kuti munthu sabwera pabwalo ngati ayesa kuti woweruza ndi mlamu wa mnzace.

Apa ndi pamene panalowa kagulu ka Akristu ka ku Rome, m'dziko la Italy, kochedwa Sant'Egidio. Kaguluka kanayambidwa mu 1968 ndi Andrea Riccardi, ali mwana wa sukulu ya sekondale, ndipo nchito yace inali kupemphera ndi kuthandiza osauka. Analibe asilikari, analibe cuma ca boma. Cimene anali naco ndi cibwenzi cakale. Anadziwana ndi Bishopu Gonçalves zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo pa nthawi ya njala anatumiza cakudya ndi mankhwala ku Mozambique, kotero kuti boma linawadziwa. A Renamo naonso anali kumkhulupirira bishopuyo, pakuti iye anadzipereka kukafika kuthengo kwao ku Gorongosa. Ine ndiyesa kuti cinsinsi conse cagona pomwepa. Cibwenzi cimeneci sanacipange tsiku la mlandu iai; anacilima kale, mlandu usanafike pabwalo.

Pa 8 July 1990 nthumwi zinakhala pansi m'nyumba yakale ya asisitere ku Rome. Ya boma inatsogozedwa ndi Armando Guebuza, ya Renamo ndi Raul Domingos. Akhalapakati anali anai: Bishopu Gonçalves, Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Coyamba cimene anagwirizana cioneka cacing'ono, koma cinali cacikuru: anabvomerezana kuti onse ndi ana a dziko limodzi. Mpaka tsiku limenelo mbali iliyonse inali kuchula inzace ndi maina onyoza okhaokha.

Musaganize kuti zotsatira zinayenda msanga. Anakumana maulendo 11 m'miyezi 27, ndipo nthawi yonseyo anthu anali kufabe kumudzi. Ambiri anadandaula kuti a ku Rome angodya ndi kumwa. Dandaulo limeneli ine sindilinyoza, pakuti mai amene wataya mwana sangamve za kuleza mtima. Koma akhalapakati anakana kukakamiza munthu kulemba dzina lace pa pepala limene mtima wace sunalole. Anayamba ndi zosabvuta, monga kutsegula njira za sitima za ku Beira ndi ku Limpopo, nafika pang'onopang'ono pa zolimba: zipani, masankho, ndi kuphatikiza asilikari a mbali zonse m'gulu limodzi. Pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Dhlakama analemba maina ao pa pangano la mtendere. Masankho anacitika mu October 1994, ndipo alendo athu aja anabwerera kwao.

Sindikubisirani kuti mtenderewo unagwedezeka pambuyo pace. Kuyambira mu 2013 mfuti zinamvekanso, ndipo mu 2016 anthu ena anathawiranso ku Mwanza. Panafunika pangano lina, limene Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade analemba mu August 2019. Nkhondo yonga yoyamba ija yokha sinabwerenso.

Nditsirize ndi nchito ya Bishopu Sengulane. Pangano litalembedwa, mfuti zambirimbiri zinatsala zokwiriridwa m'minda ndi zobisidwa m'madenga. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikristu la m'dzikomo linayamba kuitana anthu kuti abwere nazo. Wobweretsa mfuti sanali kumfunsa dzina, cipani, kapena kumene apemphera. Anali kumpatsa khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo anazidula, ndipo amisiri anaocherera zidutswa zace napanga mipando, mbalame ndi zina. Mtengo waukuru wopangidwa ndi zidutswa zotere unaonetsedwa ku British Museum ku London mu 2005.

Aphunzitsi amene afuna kuwerengera ana nkhani iyi m'kalasi angathe kutenga pepala kwa ine msonkhano ukatha.