Kodi achule amapita kuti m'chisanu?

Ndikuona ena mwafunda zitenje mpaka kumutu, ndiye ndiyesetsa kusatalikitsa, ngakhale mukundidziwa.

A Tcheya atandiuza kuti ndidzafotokoze za zithunzi zomwe ndakhala ndikuponya pagulu lathu la WhatsApp, ndinadziwiratu kuti ena mubwera ndi funso lomwe mayi anga amandifunsa: "Iwe, sukulu yonse ija unaphunzira kuti uzijambula achule?" Mayeso a Fomu 4 ndinalemba chaka chatha. Panopa ndimathandiza kudimba kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Namitete, ndipo nkhani yonseyi inayambira komweko.

Tsiku lina mu Juni tikukonza mabedi a tomato, ndinagwetsa khasu pansi n'kutulutsa kanthu kozungulira ngati mbatata yaing'ono. Ndimati nditaye, koma kanthu kaja kanayamba kufufuma. Anali finye. Mng'ono wanga anatola kale chibuma kuti amuphwanye. Ndinamuuza kuti adikire kaye ndimujambule, basi chabe kuti ndikaseketse anthu pagulu. Ndili chigwadire choncho ndi foni m'manja, ndinadzifunsa kuti kodi kuyambira Epulo sitinamveko achule akulira, ndiye onse aja amene amatisowetsa tulo mu Disembala amakhala kuti? Samwalira onse ayi. Ali pompano, pansi pa mapazi athu.

Amene munamvetsera Biology mukukumbuka kuti chule, buluzi, njoka ndi kamba thupi lawo silidzitenthetsa lokha ngati lathuli. Amadalira dzuwa. Kuno kwathu tili pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, makamaka m'madambo. Buluzi akadzuka m'mawa wotere amakhala wouma ngati ife tikamakana kutuluka m'bulangete. Koma kwa chule vuto lalikulu ndi kuuma kwa nthaka kuposa kuzizira, chifukwa iye madzi amamwera pakhungu, ndipo khungulo likauma wapita. N'chifukwa chake finye amakumba chobwerera m'mbuyo ndi timiyendo take, n'kukhala pansipo kudikira mvula yoyamba. Chinanso chomwe chinandidabwitsa n'chakuti finye alibe mbululu za m'madzi. Amaikira mazira m'kauna pansi pa nthaka, ndipo ana amatuluka ali kale tiafinye.

Ndiye ndinayamba kufunafuna. Malo osavuta kuyambira ndi zitsime zathu za kudimba. Mukakhala phee mphindi zisanu osagwedeza ndowa, muona chule wina woterera, wophwatalala, akubwera pamwamba kudzapuma n'kumiranso. Ali ndi tizikhadabo takuda kumiyendo yakumbuyo. M'mabuku amamutcha Xenopus. Achule a mtundu umenewu madokotala a ku Ulaya ankawagwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1930 poyeza ngati mayi ali woyembekezera, tisanakhale ndi timapepala timene tili m'zipatala masiku ano. Eti, chule wa m'chitsime cha kudimba! Pa mabango napo yang'anitsitsani. Pamakhala tiachule tating'ono ngati chala chachikulu, titakhala pa dzuwa, miyendo titaipinda pansi pa mimba, thupi litayera ngati choko. Kuyerako kumabweza dzuwa kuti tisaume. Ena amabisala m'nthochi, pomwe tsamba limagwirana ndi thunthu, poti pamenepo pamakhala chinyontho chaka chonse.

Abuluzi ndi analimata ndimawapeza pa milu ya njerwa ndi m'zigafa zomwe fodya anachokamo. Apa pali lamulo limodzi lomwe sindiliphwanya: sindilowetsa dzanja pomwe maso sakuona. Njerwa kapena chikuni ndimatembenuza ndi ndodo, mokokera kwa ine, kuti ngati pansipo pali mwini wake athawire kutsogolo. Ndikatha ndimabwezera momwe zinalili, chifukwa imeneyo ndi nyumba ya wina.

Ubwino wa ntchito imeneyi ndi wakuti sifuna kulawira mbandakucha. Nthawi yabwino ndi cha m'ma 8 mpaka 10 koloko, dzuwa likayamba kuomba pa chulu ndi pa makungwa a mitengo. Gulo amene mu Okutobala sangakuloleni kufika pafupi, m'chisanu amangokhala chiguguluzire pamtengo kuothera dzuwa, ndipo mutha kumuyandikira pang'onopang'ono. Mutu wake sukhala wobiriwira kwambiri ngati nthawi yotentha, koma chithunzi chimatuluka. Foni yanga ndi yotchipa, galasi lake linasweka pakona, ndiye musanene kuti mulibe kamera. Chinsinsi ndi kugwada, ngakhale kugona chafufumimba, kuti foni ikhale pa msinkhu wa diso la nyamayo. Dinani pa diso pomwepo kuti chithunzi chigwire, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo zoom isiyeni, imangowononga. Pambali pa chule ndimaika chitsekerero cha botolo kuti woona adziwe kukula kwake. Ngati mukufuna kumugwira, yambani mwanyowetsa m'manja, ndipo musakhale mutadzola mafuta, paja ndanena kuti khungu lake limamwa chilichonse.

Usiku ndapitako kanayi kokha kukafuna bilimankhwe. Akagona pa nsonga ya nthambi amatuwa, ndiye tochi ikamuomba amaonekera patali. M'chisanu muno ndi osowa, ine ndapezako awiri basi. Koma chonde, za usikuzi musapite nokha, ndipo makolo, eni madimba ndi a mfumu adziwe. Mnyamata woyenda ndi tochi m'madimba a eni usiku sangafotokozere gulu la anthu okwiya kuti amafuna bilimankhwe. Sangamumvere.

Za bilimankhwe ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi amene timamulakwira kwambiri. Tili ana tinkamuthira fodya m'kamwa kuti timuone akuda n'kufa, ati chifukwa anachedwa ndi uthenga wa Chauta wakuti anthu akafa azidzukanso, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Inenso ndinachitako, sindikana. Chonsecho alibe ululu uliwonse, ntchito yake ndi kudya ziwala ndi ntchentche. Ndiye agogo anga aakazi, ataona chithunzi chake pa foni, anandikumbutsa nthano ina ya ku Kaphirintiwa, ku Dzalanyama uko, komwe makolo athu amati anthu oyamba anatsikira. Akuti kalelo Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi, mpaka tsiku lomwe munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa, bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ndinaseka, koma kenako ndinakhala chete, chifukwa sabata yomweyo dambo la kumtunda kwathu linali litapsa.

Tisanamizane, amene amayatsa ndife. Ino ndi nyengo ya mbewa, ndipo ine mbewa ndimadya, yootcha bwino yothira tsabola sindingaikane. Koma tsiku lotsatira moto uja ndinayenda m'lupsa ndi foni. Ndinapeza kamba atapsera m'chigoba chake, abuluzi angapo, ndi bilimankhwe mmodzi atagwirabe kanthambi. Zithunzi zimenezo sindinaponye pagulu. Nthawi yotentha zina mwa nyamazi zikanathawa, koma m'chisanu thupi ndi lolemera, moto umazipeza pomwe zagona. Ndiye mvula ikagwa timadabwa kuti tizilombo tachuluka m'munda, mbewa zatha chimanga m'nkhokwe, pomwe amene amadya zimenezi tinawaotcha tokha mu Julayi. Mbewa zimakumbika popanda kuyatsa dambo lonse. Agogo athu ankatha kulondola mleka wake ndi maso.

Tsopano za njoka, poti ndikuona a kumbuyoko mwayamba kale kukweza miyendo. Mauna a mbewa ndi a m'chulu ndi momwenso njoka zimabisala m'chisanu. Mwezi wathawu mng'ono wanga yemwe uja anali atagwada kuti apise dzanja ku una, ine n'kuona masamba ouma pambali pa bondo lake akupuma. Inali mphiri, yonenepa ngati mkono wanga, ikuothera dzuwa. Mphiri sithawa, imadalira kuti simukuiona. Ndinamuuza motsitsa mawu kuti abwerere m'mbuyo osatembenuka msanga. Titafika patali miyendo yanga inkanjenjemera, moti chithunzi chomwe ndinajambula ndili pa mtunda wa masitepe asanu sichioneka bwino n'komwe. Ndipo sindinabwererenso kuti ndikakonze. Palibe chithunzi chomwe chingalipire mwendo wa munthu. Njoka sitigwira, sitiitokosa ndi ndodo, ngakhale ikuoneka yofooka ndi chisanu. Anthu ambiri amalumidwa pofuna kuipha. Nalikukuti, ija yooneka ngati kamtengo kouma, ululu wake ulibe ngakhale jekiseni wothana nawo.

Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mphiri imatupitsa, ndipo chingwecho chimangoonjezera kuwola kwa mnofu. Vulani mphete ndi zibangili, munthuyo asayende yekha, mukwezeni pa njinga kapena pa njinga yamoto, molunjika ku chipatala, kaya ku St Gabriel's kaya ku Kabudula, komwe kuli pafupi. Ikakulavulirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenako ku chipatala. Bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017, ndipo olumidwa ambiri ndi anthu ngati ife, a khasu m'manja.

Mwina mukuti, zithunzizo ndiye zipita kuti? Ine ndimalemba tsiku ndi malo, ndipo ndikapeza bandulo ndimaziika pa iNaturalist, pomwe akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amathandiza kutchula mtundu wa nyamayo. Buku la achule a m'Malawi lomwe Margaret Stewart analemba linatuluka mu 1967, la njoka la Sweeney mu 1961, makolo athu ambiri asanabadwe. Ku Nsanje, kabilimankhwe kena kakang'ono komwe anthu ankaopa kuti kanatha chifukwa cha kudulidwa kwa nkhalango, anakakapezanso mu 2016 atapita kukafufuza ndi matochi usiku. Ndiye madambo a ku Nsaru, Nambuma ndi Mpingu akafufuze ndani ngati si ife okhala komweko? Ndipo mayina achichewa sindikufuna atayike. Ndikaonetsa agogo chithunzi amatchula dzina lomwe ine sindinalimvepo, ndiye ndayamba kulemba m'kope langa lakale la Agriculture. Anzathu a ku Kabudula mukafunsenso kwanu, mwina mumatchula mosiyana.

Loweruka likubwerali amene akufuna tikumane pano 8 koloko, tidzatsikire kudimba kwathu, bambo avomera kale. Valani nsapato zotseka ndi buluku, zipatapata ayi. Tengani ndodo, botolo la madzi, ndi foni yotchaja. Amene alibe foni adzagwira kope. Legeni isiyeni kunyumba. Finye uja ndinamukwiriranso pansi pa nthochi ya pakona, ndipo ameneyo sitikamufukula, mudzangoona chithunzi chake.