KUGOGODA DENGA



Madzulo ano nditi ndikambe za nchito imene munthu ali yense wa pansi pa mgodi aidziwa. Miyala itaomberedwa, utsi nutha, anthu salowa msanga kukalaisha ai. Poyamba mmodzi atenga citsulo cacitali nagogoda denga. Mwala wolimba ulira mokweza, koma wong'ambika m'kati ulira ngati ng'oma. Umenewo augwetsa dala anthu ali patali, kuti ungadzagwe wokha pamutu pa munthu.

Abale anga, kukhala ndi anzathu kuli cimodzimodzi. Pakati pa anthu awiri pangaoneke pabwino, koma m'kati muli mng'alu. Ndipo ambiri a ife tiopa kugogoda.

Ine ndinaphunzira ici mwamanyazi. Mwana wanga atadwala, mnzanga wa shifiti imodzi, Mbemba, anandikongoza ndalama. Miyezi iwiri inapita osabweza. Iye sanandifunse, koma ine ndinayamba kumlambalala, kufikira tinaleka ndi kupatsana moni komwe. Tsiku lina tiri pansi, ndinaona timiyala tirikuyoyoka pamwamba pa iye. Ndinafuna kupfuula, koma lilime linayamba lalemera, pakuti dzina lace linali litacoka kale pakamwa panga. Ndinapfuula ndithu, iye nalumpha, mwala nugwa pamene anaima. Koma kamphindi kaja ndinacedwa kandibvuta mumtima kufikira lero. Madzulo omwewo ndinanka kwace ndi theka la ndalamazo, ndi kuti, “Ambuya, ndinalakwa.” Iye anaseka nati ngongole njaing'ono, cimene cinamuwawa ndi moni.

Makolo athu a pa migodi anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Kale munthu wa m'komboni anali kuimiridwa ndi mkulu wa mtundu wace. Koma m'caka ca 1949 Abemba, Alozi, Angoni, Acewa ndi ena anapanga cigwirizano cimodzi ca anchito a pa migodi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Ndipo m'caka ca 1953 iwo eni anasankha kuti oimira mitundu aja aleke. Anaona kuti mwala posagwa sufunsa mtundu wa munthu.

Tsono ndikusiyirani mau atatu. Loyamba: gogodani mtima wanu poyamba, musanagogode wa mnzanu. Dzifunseni kuti, “Kodi mbali yanga pa mlandu uwu ndi iti?” Laciwiri: nenani kanthu kakali kakang'ono, muli awiri, osati ku mowa kapena pamaso pa gulu. Ngati kapitao wakulankhulani moipa, dikirani mkwiyo uzizire, ndipo mumuone pa yekha. Lacitatu: wina akadza kudzagogoda kwa inu, musampitikitse. Munthu wokuuzani colakwa canu ndiye mbale. Wokusekererani cabe alikukusiyani pansi pa mwala.

Mau awa sali a kumgodi kokha ai. Ali a mwamuna ndi mkazi wace, a atate ndi mwana, a anansi otunga pa mpopi umodzi. Kodi alipo munthu amene mwaleka kumpatsa moni? Musadikire tsiku la malipiro, pitani mawa.