CIMFINE CACIKURU NDI NTHAWI YA MANKHWALA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Cimfine cacikuru, cimene madotolo acicha influenza, cisiyana ndi cimfine wamba. Cimgwera munthu modzidzimutsa: thupi litentha, mutu uwawa, m'mafupa muphwanya, ndipo cifuwa couma ciyamba. M'caka ca 1918 nthenda yomweyi inapha anthu miyandamiyanda pa dziko lonse lapansi, ndipo dziko lino silinapulumuke ai.

Tizirombo tace tilowa m'maselo a m'mphuno ndi a pam'mero, tiswana m'menemo, ndi kuturuka kukagwira maselo ena. Mankhwala ochedwa oseltamivir, amene anayamba kuperekedwa m'caka ca 1999, atsekereza tizirombo tatsopano kuti tisaturuke. Cifukwa cace agwira nchito bwino koposa akayambidwa msanga, asanathe maora 48 ciyambire kudwala, pakuti m'masiku awiri oyambawo ndimo tizirombo ticuruka kwambiri. Amwedwa kawiri pa tsiku, masiku 5. Kwa munthu wamphamvu afupikitsa nthenda monga tsiku limodzi lokha. Koma kwa ofoka akhoza kucepetsa ngozi ya cibayo.

Tsono apa ndipo pali nchito ya mphunzitsi. Maora awerengedwa kuyambira pamene thupi linayamba kutentha, si pamene mwana anajomba ku sukulu ai. Mwana akatentha Lolemba m'mawa, nthawi yabwino itha Lacitatu m'mawa. Kholo likati, "Tiyambe taona mawa," ndipo cipatala ciri kutali, masiku onse awiri athera panjira ndi pamphasa. Mphunzitsi wanzeru alemba tsiku ndi ora pa kapepala, napatsa makolo kuti akaonetse dotolo.

Oyenera kufulumira nao ndiwo ana osafika zaka 5, amai apakati, okalamba, ndi odwala mphumu, mtima kapena HIV. Iwowa, pamodzi ndi amene adwalitsa, dotolo awapatsabe mankhwalawo angakhale maora 48 atapita. Motero wocedwa asakhale pakhomo poganiza kuti nthawi yatha.

Mphunzitsi akumbukirenso zitatu izi. Kutentha thupi kungakhale malungo, ndipo kupima magazi ndiko kudzasiyanitsa. Mankhwala onga penicillin sapha tizirombo ta cimfine. Mwana wodwala cimfine asapatsidwe aspirin. Ndipo mwana akapuma mofulumira kapena mobvutika, kapena akalephera kumwa, anyamulidwe kunka ku cipatala tsiku lomwelo, ungakhale usiku.