Buku la Mlembi ndi Bokosi la Msungichuma: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Chaka ndi chaka, pa 3 Malichi, dziko la Malawi limaika makasu pansi ndi kutseka maofesi kuti likumbukire anthu amene anaphedwa m'chaka cha 1959. M'bandakucha wa tsikulo Bwanamkubwa Robert Armitage anaika dziko la Nyasaland pansi pa malamulo a nthawi ya chipolowe, ndipo atsogoleri a Congress anagwidwa m'nyumba zawo. Ku Nkhata Bay anthu anasonkhana padoko, pakuti abale awo anali atatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Asilikali anaombera, ndipo anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Oweruza Patrick Devlin ndi anzake, amene anatumidwa kuchokera ku London kudzafufuza, anawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse. Mayi Rose Chibambo anatengedwa kupita kundende ali ndi khanda lamasiku ochepa m'manja. Zimenezi n'zoyenera kuzikumbukira, ndipo palibe munthu wamtima amene angazipeputse.

Koma msonkhano wa anthu ogwira ntchito ya cholembera uli ndi mangawa enanso. Congress imene anthu aja anafera sinagwe kumwamba ngati mvula. Inamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 30 ndi mabungwe ang'onoang'ono a m'maboma, ofanana ndi lino, ndipo amisiri ake anali aphunzitsi, abusa ndi makalaliki amene masiku ano satchulidwa kawirikawiri pa mwambo wa chikumbutso.

Bungwe loyamba linali North Nyasa Native Association, limene linakhazikitsidwa ku Karonga m'chaka cha 1912. Mlembi wake anali Levi Zililo Mumba, Mngoni wophunzira ku Livingstonia, kumene anadziwa ntchito yosunga mabuku a ndalama. West Nyasa Native Association inatsatira mu 1914, ndi Mombera Native Association mu 1920, kenaka ena m'Chigawo cha Pakati ndi cha Kumwera. Kachitidwe kawo kanali kodekha, mwina kodekha kopitirira muyeso kwa wachinyamata wa lero. Amuna ankakumana m'kalasi kapena m'tchalitchi, nakambirana za msonkho, za thangata, za mitengo ya fodya ndi thonje, za anyamata opita kumigodi ya ku Harare ndi ku Joni, ndi za kusowa kwa sukulu za sekondale. Mlembi ankalemba mfundo zonse mwadongosolo, nazitumiza kwa Bwana D.C. kuti zikafike ku Zomba. Yankho linkachedwa miyezi, ndipo likafika linali lalifupi, loti Boma lamva. Chaka chotsatira nkhani yomweyo inkalembedwanso.

Wina anganene kuti kumeneku kunali kutunga madzi ndi dengu. Si choncho ayi. Chilembwe atagonjetsedwa mu 1915, Boma linkayang'ana munthu aliyense wophunzira ndi diso lokayikira, ndipo njira yokha imene inatsala yotseguka inali ya pepala. Mumba anaidziwa njira imeneyo kuposa anzake. Anathandiza mabungwe ena kulemba malamulo awo, ndipo atasamukira ku Zomba anasonkhanitsa mu 1924 komiti yoimira mabungwe a kumpoto, kuti mawu awo azimveka pakhomo penipeni pa Boma. Sukulu ya sekondale ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ndi ya Akatolika ku Zomba mu 1942. Sizinabwere chifukwa cha makalata okhawo, komabe Boma silikanatha kunena kuti silinapemphedwe, popeza pempholo linali m'mafaelo ake omwe, lolembedwa bwino, lokhala ndi tsiku ndi dzina la mlembi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mnzake wa Mumba pantchito imeneyi anali James Frederick Sangala, wa ku Zomba, amene anayamba ndi uphunzitsi nakhala kalaliki wa Boma ku Blantyre. Mu 1943 iye anaitana atsogoleri a mabungwe kuti aganize zomanga nyumba imodzi. Dzina loyamba limene linasankhidwa linali Nyasaland Educated African Council, ndiko kuti bwalo la anthu ophunzira. Sangala sanakondwere nalo. Anaona kuti bungwe lodzitcha la ophunzira lidzatsekera kunja mlimi, mayi wa pamtondo ndi mfumu yosadziwa Chingerezi, amene msonkho unkawapweteka koposa kalaliki wolandira malipiro pa mwezi. Mawu aja anachotsedwa, ndipo mu Okutobala 1944 Nyasaland African Congress inachita msonkhano wake woyamba ku Blantyre. Pampando sanakhalepo Sangala, ngakhale ndiye anayenda ndi kulemba koposa onse, anakhalapo Mumba. Ndi amuna owerengeka amene amalima munda, nalola kuti wina ayambe kulawa chimanga chake.

Mumba anamwalira mu Januwale 1945, atatsogolera Congress miyezi itatu yokha. Zimene zinatsatira ndizo zoyenera kuti mamembala azimvetsetse, ngakhale sizikoma m'khutu.

Dr. Hastings Banda, ali dokotala ku Britain, analangiza Congress kuti ilembe munthu mmodzi wolipidwa amene ntchito yake yonse ikhale ya bungwe, ndipo analonjeza kuthandiza ndi ndalama. Msonkhano wa 1946 unakana. Chotero Congress inapitirira kuyendetsedwa ndi anthu otopa, amene ankagwira ntchito ya Boma usana nalemba makalata a bungwe usiku pa nyali ya palafini. Ambiri a iwo ankadya m'dzanja la Boma lomwelo limene ankalidzudzula, ndipo kalata imodzi yowasamutsa inali yokwanira kuzimitsa nthambi yathunthu. Kenaka kunabuka nkhani ya chuma. Charles Matinga, amene analowa m'malo mwa Mumba, anachoka pampando mu 1950 pa mlandu wa kusayendetsa bwino ndalama za bungwe. Mphunzitsi wa kumudzi amene anadzimana sheleni kuti alipire chopereka chake anamva zimenezi, ndipo chaka chotsatira dzanja lake linalemera. Nthambi zina zinangotsala dzina.

Tsono taonani nthawi imene zinachitikira. Zaka zomwezo ndizo zimene azungu a ku Salisbury ndi a ku London ankakonza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mafumu anakana, anthu anakana, nthumwi zinapita ku London kukakana, komabe Chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953. Sikungakhale chilungamo kunena kuti bokosi la ndalama ndilo linagonjetsa dziko, pakuti mphamvu za atsamunda zinali zazikulu ndipo mwina zikanapambana ndithu. Koma mdani anapeza bungwe litafooka kale, mamembala akukayikirana, ndipo zaka zimene zikanapita pa kumanga nthambi zinapita pa kufunsana za malisiti. Sangala anakhala pampando mu 1954, bungwe litathyoka msana, naligwirizira mpaka achinyamata onga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume atalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956. Banda anafika mu Julayi 1958, ufulu unadza pa 6 Julayi 1964, ndipo mbali imeneyi ya mbiri ana amaiphunzira kusukulu.

Pa zisankho za mabungwe anthu amathamangira mpando wa kutsogolo. Udindo wa mlembi ndi wa msungichuma umaperekedwa kumapeto, dzuwa litapendeka, kwa aliyense amene sanakane msanga. Mlembi wotere amalemba mfundo pa kapepala kamene kamatayika m'thumba la jekete, ndipo msonkhano wotsatira umayambanso nkhani imene inatha kale. Msungichuma amasunga ndalama za maliro pamodzi ndi zake, osati mwakuba, koma mwaulesi, mpaka tsiku limene mkazi wamasiye afika pakhomo ndipo bokosi lipezeka lopepuka. Mamembala nawo ali ndi gawo lawo pa cholakwachi: amachita manyazi kufunsa buku, poopa kuti mkuluyo ndi mpongozi kapena mkulu wa mpingo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufunsa buku si kunyoza munthu, ndipo msungichuma wokhulupirika amalitsegula asanapemphedwe.

Masamba a chuma ali kumapeto kwa lipoti lino, ndipo Wapampando apereka nthawi ya mafunso zisankho zisanayambe. Amene sanamalize chopereka chawo apeza msungichuma pa tebulo la pakhomo. Pa ndalama yapepala ya K100, kuyambira 2012, pali nkhope ya James Sangala. Ya Levi Mumba palibe pa ndalama iliyonse. Wopereka aliyense adikire lisiti lake asanabwerere kumpando.