Msilikali akaphonya chakudya chifukwa cha ntchito, ndalama yake ibwerere

 Inetu si msilikali ayi, ndine namwino, ndipo usiku womwe uno ndili pa shifiti, choncho sindikutayirani nthawi. Andipempha kuti ndilankhuleko za chakudya cha ana athu amene analowa usilikali wa dziko lino la Britain: ndalama imene amadulidwa, ndi mmene angaiitanitsire akaphonya chakudya chifukwa cha ntchito. Ndikuona ena mukumwetulira, mukuti nkhani ya m'mbale nayo mpaka msonkhano? Dikirani kaye mumve.

Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, dzina ndisunga, amene anabwera kudzalowa usilikali kuno. Tsiku lina atapatsidwa tchuthi anabwera kwanga, ndipo nditatsegula chitseko mtima unangoti myuu. Mwana anachoka kumudzi ali ndi masaya, koma apa lamba anali ataboolanso kawiri. Ndinamuphikira nsima ya ndiwo za nkhuku, anadya mitanda isanu osalankhula. Atakhuta ndinati, "Iwe, kodi kumeneko sakudyetsani?" Iye anati, "Achemwali, chakudya chilipo, koma nthawi zambiri akatituma timabwerera kukhitchini atatseka." Ndinamuuza kuti andionetse payslip yake. Ndalama ya chakudya inali itadulidwa tsiku lililonse, ngakhale masiku amene mwanayo anagonera bisiketi ndi madzi. Ndinamufunsa ngati anaitanitsapo ndalama ya chakudya chimene sanadye. Yankho lake ndi limene landiimika pano lero. Anati, "Aaa, ife alendo tizivutanso? Angationenso ngati ndife a dyera."

Tiyeni tiyambe ndi kale pang'ono. Agogo athu a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, aja anachoka ku Zomba n'kukamenya nkhondo mpaka ku Burma mu 1944, ankalandira phoso. Phosolo linkangobwera, lochepa kaya lochuluka, iwe n'kulandira ndi manja awiri. Ambirife tinakula ndi maganizo amenewo, oti msilikali amadya zaulere za boma. Kuno zimenezo zinasintha mu 1970, pamene boma linayamba kulipira asilikali malipiro athunthu ngati wantchito wina aliyense, iwo n'kumalipira okha chakudya ndi pogona. Kuyambira 1971 pali bungwe lotchedwa Armed Forces' Pay Review Body limene limalangiza boma za malipiro ndi ndalama zodulidwazi. Ndiye mumve bwino apa: chakudya cha msilikali pa baraki si mphatso ayi, ndi chinthu chimene wagula ndi thukuta lake.

Pali njira ziwiri zolipirira. Yoyamba ndi imene amaitcha Daily Food Charge. Iyi imadulidwa pa malipiro tsiku ndi tsiku, ndipo imagula chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo. Amene amalipira chonchi makamaka ndi anyamata ndi atsikana amene akadali pa maphunziro a usilikali, komanso amene ali m'malo mmene njira inayo sinafike. Mu 2020 ndalamayi inkapitirira pang'ono £5 pa tsiku. Mungaione kuchepa, koma chulukitsani ndi masiku 30, mupeza yadutsa £150 pa mwezi. Inu amene mumatumiza ndalama kumudzi mukudziwa chimene £150 imachita ku Ntcheu kapena ku Mzimba.

Njira yachiwiri ndi Pay As You Dine, imene inafalikira m'mabaraki m'zaka za m'ma 2000. Apa sudulidwa kalikonse, umalipira pa thilu ukamadya, monga mmene timachitira ife ku kantini ya kuchipatala. Anaibweretsa chifukwa asilikali ankadandaula kuti akulipira chakudya chimene sakudya. Koma nayo inabwera ndi bvuto lake. Mu 2008 manyuzipepala a kuno analemba za lipoti limene linapita kwa General Sir Richard Dannatt, amene anali mkulu wa Army nthawi imeneyo, lonena kuti asilikali ena achinyamata ndalama zinkawathera mwezi usanathe mpaka kusowa chogulira chakudya. Zinafika poti m'mabaraki munali dongosolo lotchedwa Hungry Soldier, lothandiza msilikali wotere kuti adye, ndalamayo adzabweze pambuyo. Tangoganizani, dziko lolemera ngati lino, msilikali kumadyera ngongole!

Kupatula njira ziwirizi, msilikali akakhala kutchire pa eksesaizi kapena kunkhondo, chakudya chimakhala cha boma, salipira. Choncho mwana wanu akabwerako kutchire, ayang'ane ngati ndalama ya chakudya inaima pa masiku amenewo. Chimodzimodzinso akapita ku tchuthi chovomerezeka cha masiku angapo. Makompyuta amalakwa, makalaliki nawo ndi anthu, amaiwala.

Tsono nkhani ya kuphonya chakudya ili chonchi. Ngati msilikali akudulidwa Daily Food Charge, ndipo ntchito ya usilikali yamuchititsa kuti asapezeke pa nthawi ya chakudya, mwina anamutuma ndi galimoto kutali, mwina anali pa ulonda, ndipo sanamusungire mbale kapena kumupatsa kamba wa paulendo, ali ndi ufulu woitanitsa ndalama ya chakudya chimenecho. Koma ngati anagonereza, kapena anasankha yekha kupita ku tauni kukadya tchipisi ndi chibwenzi, pamenepo palibe chobweza. Kwa iwo amene ali pa Pay As You Dine, chakudya chimene sanadye sanalipirenso, choncho palibe chobweza, koma akatumidwa kutali ndi baraki n'kugula chakudya panjira ndi ndalama ya m'thumba, pali malamulo a ndalama za paulendo amene amawakhudza. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku awiri a Ministry of Defence, JSP 752 ya ma alawansi ndi JSP 754 ya malipiro ndi zodulidwa. JSP 752 ili pa intaneti, aliyense angathe kuiwerenga. Malamulowa amasinthasintha, choncho muziwerenga yatsopano, osati zomva kwa mnzako amene anatuluka usilikali zaka khumi zapitazo.

Nanga mwana achite chiyani? Choyamba, asanapite kumene watumidwako, apemphe kamba, chifukwa kudya n'kofunika kuposa kubwezeredwa ndalama. Chachiwiri, akhale ndi kabuku kakang'ono m'thumba. Alembe tsiku, ola limene ananyamuka, ola limene anabwerera, chakudya chimene anaphonya, ndi dzina la amene anamutuma. Ife anamwino timaphunzitsidwa kuti chimene sunalembe ndiye kuti sunachichite, ndipo ku usilikali n'chimodzimodzi. Chachitatu, malisiti onse asunge, ngakhale ka lisiti ka tiyi. Chachinayi, apite kwa kalaliki wa gulu lake, amene amaona za malipiro, amuonetse njira yoitanitsira kudzera pa JPA, kompyuta imene asilikali a Army akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2007. Chachisanu, asachedwe, chifukwa kuitanitsa kuli ndi nthawi yake, ikadutsa zimavuta. Paja pakadafunda padajiwitsa galu. Zikakanika, pali sajeni wake, pali ofisala wake, pali wa zaumoyo wa mabanja pa baraki, ndipo pamapeto pali njira yolembera dandaulo imene amaitcha service complaint. Mabungwe ngati Army Families Federation, SSAFA ndi Royal British Legion nawonso amapereka malangizo kwa asilikali ndi mabanja awo.

Koma ndichenjeze pano, makolo mumve. Tisaphunzitse ana athu kuwonjezera ziro. Kwathu tinazolowera zoipa, munthu kusaina alawansi ya msonkhano umene sanapiteko, anzake n'kumamutama kuti ndi wochangamuka. Kuno amafufuza. Kuitanitsa ndalama mwabodza ndi mlandu, ndipo msilikali angathe kuweruzidwa pansi pa Armed Forces Act 2006. Kwa mwana wa ku Commonwealth zimapweteka kawiri, chifukwa mbiri yoipa ingamusokonezere mapepala okhalira m'dziko muno akamadzatuluka. Kuyambira 2022, amene watumikira zaka 6 salipiranso ndalama ya mapepala amenewo. Ndiye munthu ungataye zonsezo chifukwa cha sangweji ya £3? Itanitsa chako chokha, koma chakocho usachisiye.

Tsopano ndilankhule ngati namwino. Mwamuna wamba amafunika ma kalori pafupifupi 2,500 pa tsiku. Phukusi la chakudya cha tsiku limodzi limene msilikali amapatsidwa kutchire limakhala ndi pafupifupi 4,000, chifukwa ntchito yake ndi ya kalavulagaga. Thupi limene likuthamanga ndi katundu kumsana koma silikudya mokwanira limayamba kudya minofu yake yomwe. Mafupa amafooka n'kuyamba kung'aluka, mabala amachedwa kupola, chimfine sichichoka, ndipo mutu sugwira bwino, munthuyo ali ndi mfuti m'manja kapena chiwongolero cha lole. Pafupi pompano, kufupi ndi Loughborough, pali Stanford Hall, kumene kuyambira 2018 asilikali ovulala amakathandizidwa kuti ayambenso kuyenda ndi kugwira ntchito. Si onse amavulalira kunkhondo, ena amavulalira pa maphunziro pomwepa. Mwana akavulala n'kutulutsidwa usilikali zaka zake zisanakwane, banja lonse limene limadalira iye limagwa naye limodzi.

Apa ndiye pali mbali yathu, ife achibale. Mlongo wanga uja atamaliza maphunziro anapita ku baraki ina kumene amalipira pa thilu. Ndinaganiza kuti bvuto latha, koma ayi ndithu. Malipiro akangolowa, foni imayamba kulira: fizi, fetereza, maliro, malata, mpaka mayunitsi. Mwanayo manyazi, kutumiza zonse, sabata yomaliza ya mwezi n'kumadya ma noodles a mu ketulo. Ine ndemwe ndinali mmodzi mwa omupempha, ndivomere pamaso panu. Tinakhala pansi monga banja, tinagwirizana kuti ndalama ya chakudya aziyamba waipatula, zotsalazo ndiye tizikambirana. Inu akumudzi amene mudzamve mawu anowa, chonde, mwana akakuuzani kuti mwezi uno sizitheka, si kuti wayamba kunyada chifukwa ali ku Ulaya. Ng'ombe yokoka ngolo nayo imafuna msipu.

Chigawo chathu chino chili ndi asilikali ambiri. Ku Rutland kuli Kendrew Barracks, ku Grantham kuli Prince William of Gloucester Barracks, ku Lincolnshire kuli Cranwell, Waddington ndi Coningsby. Ana a ku Commonwealth akudutsa m'malo amenewa, ena mwa iwo ndi athu. Mukamva kuti kuli Mmalawi, muitaneni Lamlungu adzadye nsima, ndipo akakhuta mumufunse kuti, "Kodi payslip yako umaiwerenga?"

Ndisanakhale pansi, funso limodzi lopita kwathu. Asilikali athu a Malawi Defence Force a ku Kamuzu Barracks, Cobbe ndi Moyale, ena anakatumikira ku DRC ndipo ena anasiya moyo wawo komweko. Kodi msilikali wamba amadziwa kuti phoso lake pa tsiku ndi la ndalama zingati? Akaliphonya chifukwa cha ntchito, akadandaule kwa yani popanda kuopa? Aphungu athu, makamaka a komiti yoona za chitetezo, mafunso amenewa ndi anu. Kulemekeza msilikali si kuvala duwa lofiira mu Novembala kokha, n'kuonetsetsanso kuti mbale yake yadzaza ndipo ndalama yake sinasochere panjira.

Mlongo wanga anapita kwa kalaliki uja ndi kabuku kake. Masiku ena anali atadutsa nthawi, ndalama yake inapita basi. Ena anamubwezera. Palibe anamunena kuti ndi wadyera, kalalikiyo anangomufunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ana athu atsekule chitsekocho mwaulemu, mwachilungamo, ndi mapepala m'manja.

 Amene muli ndi mafunso mundipeze msanga kukhomo kuja, basi yanga ya kuntchito siidikira munthu.